Bodza Lakuti "Galasi ndi Galasi" Lithe m'Maofesi a Boma

Pali mau amene azika mizu m'maofesi ena a Boma, m'makhonsolo ndi m'makampani a Boma, ndipo yakwana nthawi yakuti azulidwe. Mauwo ndi akuti "galasi ndi galasi basi." Amamveka pamene galasi la kutsogolo kwa galimoto, limene amakaniko amalitcha windisikirini, lasweka, ndipo pepala lopempha ndalama zogulira lina lafika pa tebulo la bwana. Bwanayo amayang'ana nambala imene yalembedwa m'munsi, napukusa mutu, nadandaula kuti zinthu zakwera mtengo masiku ano, kenaka nasaina. Safunsa kuti galasilo ndi la mtundu wanji, adalipanga ndani, ladzera njira iti, ndiponso kuti adzaliika ndani. Ena khalidwe limeneli amalitcha kukhulupirira anzako pa ntchito. Dzina lake leni-leni ndi kutaya chuma cha anthu.

Mau amenewa ndi bodza, ndipo bodzali limanenepetsa anthu a mitundu iwiri. Woyamba ndi wamalonda wosakhulupirika amene amalemba mtengo wa galasi lapamwamba koma naika lachabe-chabe. Wachiwiri ndi kalaliki kapena mkulu woyang'anira galimoto amene amapangana naye kuti agawane zotsalazo. Onse awiri amadalira chinthu chimodzi, ndicho chakuti wosaina sadziwa chimene akulipira. Tsono nkofunika kuti aliyense wogwira ntchito m'Boma, ndi mtsogoleri aliyense amene adapatsidwa galimoto kuti aziyendera potumikira anthu, adziwe kuti mtengo wa galasi uli ndi zifukwa zake zeni-zeni, zowerengeka pa zala za dzanja limodzi. Ndalama iriyonse imene siingafotokozedwe ndi zifukwa zimenezo yalowa m'thumba la munthu.

Poyamba adziwe chinthu chimene akugula. Galasi la kutsogolo silifanana ndi la pa zenera la nyumba, ndipo silifanana ngakhale ndi magalasi a m'mbali mwa galimoto yomweyo. Ndi magalasi awiri opyapyala, lirilonse lochindikala pafupi-fupi mamilimita 2, omatidwa pamodzi ndi pulasitiki yotchedwa PVB, yochindikala mamilimita 0.76, imene imakhala pakati pao. Mwala ukaligunda limang'aluka koma silimwazika, pakuti zidutswa zimakanirira ku pulasitikiyo. Luso limeneli adalitulukira katswiri wa ku France, Édouard Bénédictus, amene adalilembetsa m'chaka cha 1909, ndipo kampani ya Ford idayamba kuika galasi lotere pa galimoto zake za Model A m'chaka cha 1927. Magalasi a m'mbali ndi a kumbuyo kawiri-kawiri amakhala a mtundu wina, wolimbitsidwa ndi moto, umene ukasweka umayoyoka nusanduka tizidutswa tonga mphale.

Pa galimoto za makono, galasi la kutsogolo ndi limodzi mwa mafupa a galimotoyo. Limamatidwa ku chitsulo ndi guluu wamphamvu wotchedwa urethane, ndipo galimoto ikagubuduzika limathandiza kuti denga lisaphwanyikire anthu okhala m'kati. Thumba la mpweya loteteza munthu wokhala pambali pa dalaivala limati likafufuma pa ngozi, limatsamira galasi lomweli. Galasi likakhala lofooka kapena lomatidwa mwachinyengo, limafwamphuka ndi kugwera kunja, ndipo thumba lija siligwiranso ntchito yake. Motero bwana amene akusaina pepala la galasi akusainira miyoyo ya anthu amene adzakwere galimotoyo, iye mwini ali m'gulu lomwelo.

Chinthu choyamba chimene chimakweza kapena kutsitsa mtengo ndi mtundu wa galimoto. Galasi lirilonse limapindidwa molingana ndi maonekedwe a galimoto yake, kotero kuti la galimoto ina silingalowe pa inzake, ndipo ngakhale galimoto za dzina limodzi zimasiyana malinga ndi chaka chimene zidapangidwa. Galimoto zimene ziri zambiri m'miseu ya dziko lino, monga Toyota Hilux, Corolla, Hiace ndi Land Cruiser, magalasi ake amapezeka kwa amalonda ambiri, ndipo kupikisana kwao kumatsitsa mtengo. Koma galimoto yachilendo, imene ili yokha-yokha m'tauni monse, galasi lake limachita kuitanitsidwa limodzi lokha kuchokera kutali, nthawi zina pa ndege. Ofesi imene idagula galimoto yotere pofuna kuoneka bwino pa misonkhano idasankhiratu galasi lodula tsiku lomwe idagula galimotoyo, ndipo isadabwe.

Chachiwiri ndi zipangizo zimene zimakhala pa galasipo. Magalasi ena ali ndi kachipangizo komva madontho a mvula kamene kamayendetsa mawaipa okha. Ena ali ndi timawaya totenthetsa galasi, ena mlongoti wa wailesi, ena pulasitiki yapadera yochepetsa phokoso. Choposa zonsezi ndi kamera imene imamangiriridwa kuseri kwa kalilole wa pakati, yothandiza galimoto kuona malire a mseu ndi kugwira mabuleki yokha ikaona chopinga kutsogolo. Kampani ya Subaru idayamba kugulitsa makamera ake otchedwa EyeSight ku Japan m'chaka cha 2008, ndipo ya Toyota idatulutsa Toyota Safety Sense m'chaka cha 2015. Galimoto zotere tsopano zikulowa m'dziko muno pakati pa zogwiritsidwa kale ntchito zochokera ku Japan. Galasi likasinthidwa, kamerayo imayenera kuongoledwanso ndi makina apadera, pakuti ikapendekeka pang'ono chabe imaona mseu molakwika. Ntchito imeneyo ndi yoona ndipo iyenera kulipiridwa. Koma iyenera kulipiridwa pa galimoto yokhayo imene iri ndi kamera. Kulemba ndalama za kuongola kamera pa lole yakale yotuta mchenga, imene iribe ngakhale wailesi, ndi umbava wa masana dzuwa likuswa mtengo.

Chachitatu ndi wopanga galasilo. Makampani opanga galimoto kawiri-kawiri sapanga magalasi okha. Amagula kwa makampani akulu-akulu monga AGC ndi Nippon Sheet Glass a ku Japan, Saint-Gobain ya ku France ndi Fuyao ya ku China, ndipo kufupi kuno kuli Shatterprufe ya ku South Africa. Galasi lokhala ndi chizindikiro cha kampani ya galimotoyo limadula kwambiri, pamene lina lopangidwa bwino lomwe, koma lopanda chizindikirocho, limatsikirapo mtengo ndipo limagwira ntchito mokwanira pa galimoto zambiri. Dziko limene galasi lachokera si umboni wa ubwino kapena kuipa kwake. Umboni woyamba uli pa ngodya ya m'munsi ya galasilo, pamene pamadindidwa dzina la wopanga, liu la Chingerezi lakuti Laminated, ndi chizindikiro cha muyeso. Chizindikiro chodziwika kwambiri ndi chilembo cha E chokhala m'kati mwa mzere wozungulira pamodzi ndi nambala ya dziko limene lidavomereza galasilo, ndipo pambali pake pamalembedwa 43R. Magalasi a muyeso wa ku America amalembedwa AS1. Nzoona kuti akamberembere amatha kudinda zizindikiro zabodza, nchifukwa chake wogulitsa ayenera kukhala wodziwika, wokhala ndi malo ake a malonda, amene angabwererekonso munthu zinthu zikavuta. Komabe bwana amene sadawerameko nkomwe kuti aone ngodya imeneyi asanene kuti adanamizidwa. Adadzinamiza yekha.

Chachinai ndi ulendo wa galasilo ndi ndalama zakunja. Magalasi a galimoto za m'dziko muno amachokera kunja. Lochokera ku Johannesburg limadutsa pa Beitbridge, nilidzera m'dziko la Zimbabwe mpaka pa Nyamapanda, niliwoloka Zambezi pa Tete, nililowa pa chipata cha Mwanza. Lochokera ku maiko a kum'mawa limatsikira pa doko la Dar es Salaam nililowa pa Songwe, kapena limadzera ku Beira ndi ku Nacala. Ndi katundu wosachedwa kusweka, wofuna mabokosi a matabwa, ndipo ena amaswekadi pa njira. Pa chipata pali msonkho wa katundu wolowa, palinso msonkho wa VAT. Pamwamba pa zonsezi pali mphamvu ya kwacha, pakuti galasilo limagulidwa ndi madola kapena marandi. Zonsezi ndi zoona ndipo palibe munthu wanzeru amene angazikane.

Chachisanu ndi ntchito ya manja. Galimoto zakale ndi malole ambiri zinali ndi galasi longogwiridwa ndi labala, limene amisiri awiri amatha kulilowetsa ndi chingwe. Za makono zimalira luso lina. Mmisiri amadula guluu wakale mosamala, nayeretsa chitsulo, napaka mankhwala pamene penti wakalika kuti dzimbiri lisayambe, naika guluu watsopano mosadukiza, nakhazika galasi pa malo ake eni-eni. Akapeza dzimbiri m'mphepete, ntchito imakula ndipo mtengo umakwera moyenera. Pambuyo pake galimoto iyenera kuima kufikira guluu atagwira, kuyambira ola limodzi mpaka tsiku lathunthu, malinga ndi mtundu wa guluuyo. Bwana amene amakalipira mmisiri kuti galimoto ituluke msanga chifukwa akuchedwa ku msonkhano akuononga yekha ntchito imene wangoilipira kumene.

Zifukwa ndi zimenezi, zisanu. Tsono chinyengo chimabisala kuti? Malo ake okondedwa ndi kuseri kwa kwacha. M'mwezi wa Meyi 2022 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo m'mwezi wa Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti, kotero kuti dola imodzi idachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Masamu ake ngosavuta, mwana wa Sitandade 6 angawachite. Katundu wa madola 100 amene ankalira K118,000 adayamba kulira K170,000. Kukwera kumeneko nkowawa, koma sikufika ngakhale pa kuwirikiza kawiri. Nanga wamalonda amene amachulukitsa mtengo katatu kapena kanai, natchula kugwa kwa kwacha, masamu ake adawaphunzira ku sukulu iti? Ena amayankha kuti ndalama zakunja zidasowa m'mabanki ndipo adazipeza kwina pa mtengo wokwera. Kusowako kudalikodi. Koma amene akufuna kulipidwa ndi ndalama za anthu aonetse mapepala a pa chipata osonyeza chimene adalowetsa ndi msonkho umene adapereka. Wamalonda woona sachita mantha ndi mapepala ake.

Malo achiwiri obisalamo chinyengo ndi makotesheni. Malamulo a kagulidwe ka katundu wa Boma amafuna kuti pa zinthu zotere pakhale mitengo yochokera kwa amalonda osachepera atatu, kuti pakhale kupikisana. Cholinga chake nchabwino. Koma nchachidziwikire kuti munthu mmodzi angathe kukhala ndi zidindo zitatu m'kabati imodzi, nalemba mitengo itatu yokwera yokha-yokha, naika dzina lake pa umene wachepa pang'ono. Komiti yogula zinthu imene imangowerenga mapepala kuti akwana atatu, osafufuza ngati makampaniwo alipodi, yasanduka chidindo chachinai cha munthu yemweyo. Nkhani ya Cashgate ya m'chaka cha 2013 idaphunzitsa dziko lino kuti chuma cha Boma chimatha ndi mapepala olipirira katundu amene sadafike. Mzimu womwewo ndi umene umalemba galasi latsopano pa invoisi, pamene pa galimoto paikidwa lochotsedwa pa galimoto yangozi.

Asaganize wina kuti mankhwala a matendawa ndi kuthamangira chotchipa chirichonse. Kumeneko kulinso phompho. Galasi lopindidwa molakwika limapotoza zinthu m'maso mwa dalaivala, ndipo usiku limamwaza kuwala kwa nyali za galimoto zobwera kutsogolo mpaka munthu woyenda pa njinga m'mbali mwa mseu osaonekanso. Guluu wa m'bafa kapena wa pa mazenera a nyumba, amene amisiri ena a pansi pa mtengo amamatira galasi, sangagwire pa tsiku la ngozi. Mvula ikayamba madzi amadontha m'kati, mawaya naonongeka, chitsulo nichita dzimbiri, ndipo chaka chisanathe galimoto yabwereranso ku galaja. Choipitsitsa ndi chizolowezi cha eni minibasi ena amene amatseka malo a galasi ndi pulasitiki yolimba kapena galasi wamba, nanyamula amai, ana ndi ogwira ntchito m'mawa uliwonse. Oyesa galimoto asanapereke chiphaso cha COF, pamodzi ndi apolisi a pa mseu, akalekerera galimoto yotere, magazi a anthuwo adzafunsidwa kwa iwonso.

Komatu ndalama zambiri za magalasi sizikadatuluka nkomwe pakadakhala chisamaliro. Ming'alu yambiri imayamba ngati kachipsera kakang'ono kooneka ngati nyenyezi, pamene kamwala kagunda. Kachipsera kotere, kakakhala kochepera ndalama yachitsulo, kosakhala m'mphepete mwa galasi ndiponso kosayang'anizana ndi maso a dalaivala, kamatheka kukonzedwa. Mmisiri amapopera utomoni wapadera m'kati mwake, nauumitsa ndi nyali, ndipo ntchitoyo siifika ola limodzi. Mtengo wake ndi kachigawo kakang'ono ka mtengo wa galasi latsopano. Chofunika nchakuti dalaivala amatepo tepi yoonekera tsiku lomwelo kuti fumbi ndi madzi zisalowe, ndi kukanena kwa akulu ake msanga. Akazengereza, mabampu a mseu wa fumbi amakakulitsa. Dzuwa la mwezi wa Okutobala ku Chikwawa ndi ku Nsanje limatenthetsa galasi, wotsuka galimoto nalithira madzi ozizira masana, ndipo kachipsera kaja kamasanduka mng'alu woyambira mbali ina kukafika mbali inzake. Apo palibenso chokonza. Akulu-akulu adanena kale kuti mmera mpoyamba.

Nanga nchifukwa ninji madalaivala ambiri sanena? Ena ndi mphwayi chabe, poganiza kuti za Boma ziribe mwini. Koma ambiri amaopa. Amadziwa kuti akanena adzalalatiridwa pamaso pa anzao kapena kuopsezedwa kuti adzadulidwa malipiro, ngakhale mwalawo udathamangitsidwa ndi tayala la galimoto ina. Motero amakhala chete kufikira mng'alu utayankhula wokha. Bwana waukali wotereyu amaganiza kuti akusunga mwambo, chonsecho akuphunzitsa antchito ake kubisa. Palinso chifukwa china chonyansa koposa. Mkulu wa za galimoto amene ali ndi dyera safuna kumva za kukonza kachipsera, pakuti pa ndalama zochepa chotero palibe chogawana. Iye amakondwera galasi likasweka lonse. Munthu wotere ali ngati msing'anga amene amapempherera kuti mudzi udwale.

Ena adzati vuto ndi miseu, ndipo dalaivala sangaletse mwala kuuluka. Mauwa ali ndi choonadi chake. Miseu yambiri ya m'maboma ndi ya fumbi ndi miyala, ndipo pamene mseu ukukonzedwa, monga zidakhalira pa zigawo za mseu wa M1 kumpoto kwa Lilongwe kuyambira m'chaka cha 2022, galimoto zimapatutsidwira ku njira zapambali, ndipo phula latsopano limakhala ndi timiyala tosagwira. Walira mvula walira matope. Koma mwala umagunda mwamphamvu molingana ndi liwiro la galimoto, ndipo umapeza msanga dalaivala amene wakakamira kumbuyo kwa lole ngati nkhupakupa. Wochepetsa liwiro ndi kusiya mpata wokwanira amapulumutsa magalasi ambiri pa mseu womwewo umene mnzake amaswerapo. Mawaipa otha labala, amene amakwecha fumbi louma pa galasi, si mlandu wa mseu. Ndipo kawiri-kawiri amene amalamula dalaivala kuti athamange ndi bwana yemwe uja wakhala ku mpando wa kumbuyo, amene adanyamuka mochedwa.

Ogwira ntchito m'Boma amene ali ndi galimoto zao-zao atengepo phunziro lina. Inshuwalansi imene lamulo limakakamiza mwini galimoto aliyense kukhala nayo imalipira anthu ena amene apwetekedwa kapena kuonongeredwa katundu, koma siilipira galasi la mwini wake. Inshuwalansi yokwanira ndi imene imatha kulipira galasi, ndipo kawiri-kawiri imakhala ndi malire a ndalama. Mwini galimoto awerenge pangano lake lero, galasi likadali lamoyo, ndipo ngati galimoto yake iri ndi kamera afunsiretu ngati kuongola kamerayo kuli m'kati mwa panganolo.

Zoyenera kuchitika m'maofesi sizifuna lamulo latsopano kapena ndalama zapadera. Pepala lirilonse lopempha galasi lionetse nambala ya chasisi ya galimoto, dzina la wopanga galasilo ndi chizindikiro cha muyeso wake, ndipo mtengo wa galasi, wa guluu ndi labala, wa ntchito ya manja ndi wa kuongola kamera ulembedwe uliwonse pa mzere wake. Komiti yogula zinthu itsimikize kuti amalonda atatuwo ndi anthu atatudi. Ntchito ikatha, wosaina atuluke mu ofesi, apite pamene paima galimoto, awerame, ayerekeze zolembedwa pa ngodya ya galasi ndi zolembedwa pa invoisi. Galasi lakale libwezedwe ku ofesi kuti lisakagulitsidwenso kwina. Woika galasi alembe lonjezo lakuti likadontha adzakonza mwaulere. Kachipsera kalikonse kalembedwe mu logibuku tsiku limene kaoneka, ndipo dalaivala wonena msanga ayamikiridwe m'malo mokalipiridwa. Amene waona kuti mapepala akuphikidwa akanene ku bungwe la Anti-Corruption Bureau, pakuti lidakhazikitsidwira ntchito yomweyo.

Galasi limodzi lingaoneke ngati nkhani yaing'ono pa chuma cha dziko lonse. Koma galimoto za nambala ya MG ndi zambiri, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, ndipo iriyonse iri ndi galasi kutsogolo kwake. Kwacha iriyonse imene yaonjezedwa mwachinyengo pa galasi la bwana yachotsedwa pa mafuta a ambulansi, pa mankhwala a ku chipatala cha kumudzi ndi pa choko cha mphunzitsi. Ndalama zimenezo adazikhetsera thukuta mlimi wa fodya wa ku Kasungu, wothyola tiyi wa ku Thyolo ndi msodzi wa ku Mangochi. Anthu amenewa sadzakweramo m'galimoto zimenezo, koma ndiwo eni ake. Wogwira ntchito m'Boma amene wapatsidwa cholembera kuti asainire chuma chao ayambe wadziwa chimene akulipira. Ngati kuwerama pa ngodya ya galasi kwamukulira, apereke cholemberacho kwa wina amene msana wake ukadapindika.